Pokémon Popanda Ash: Gwero la Mkangano wa Oonera

Makatuni a Pokémon anayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya TV Tokyo ku Japan mu Epulo 1997, ndipo kwa zaka 26 nkhani yake inkatsata mnyamata mmodzi, Satoshi, yemwe maiko ambiri amamudziwa kuti Ash Ketchum. Ananyamuka kwawo ku Pallet Town ali ndi zaka khumi, limodzi ndi Pikachu, kanyama kachikasu kotulutsa magetsi m'masaya, pofuna kukhala katswiri wophunzitsa ndi kupikisanitsa tinyama totchedwa Pokémon. Pomwe gawo lake lomaliza linkaonetsedwa mu Malichi 2023, magawo anali atapitirira 1,200, koma Ash anali akadali wa zaka khumi zomwe zija. Okonda makatuniwa akhala akukangana ngati kumuchotsa kunali koyenera, komanso za njira imene nkhaniyi iyenera kulowera tsopano.

Vutoli linachokera kumene makatuniwa anabadwira. Kampani ya OLM imawajambula motsatira magemu amene anayamba kutuluka pa Game Boy mu 1996. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi kumabwera gemu ina yokhala ndi dera lachilendo ndi tinyama tatsopano, ndipo makatuni amayenera kusamukira komweko. N'chifukwa chake Ash anayenda ku Kanto, Johto, Hoenn, Sinnoh, Unova, Kalos ndi Alola. Kuyambira ulendo wa ku Hoenn, ankasiya tinyama take tamphamvu kwa Professor Oak n'kutenga Pikachu yekha. Olemba anali pampanipani. Mwana amene wangoyamba kuonera amafuna mpangankhani amene akuphunzira naye limodzi, pomwe amene waonera zaka zambiri amafuna kuti Ash azikumbukira zomwe anaphunzira kale.

Kutsutsana kumeneku kunaonekera poyera mu 2010. Pikachu yemwe anali atangolimbana kumene ndi chinyama champhamvu chotchedwa Latios mumpikisano wa ku Sinnoh anafika ku Unova n'kugonja kwa Snivy wa Trip, mnyamata amene anali atangolandira kanyamako. Olemba anapereka chifukwa, choti mphezi ya Zekrom inali itasokoneza magetsi a Pikachu, koma oonera akale anaona kuti Ash wabwezedwa m'mbuyo dala kuti ulendo uyambirenso. Dandaulo lawo linali lomveka. Kalulu wa m'nthano sakalamba ndipo palibe amene amadandaula, chifukwa nthano iliyonse imaima payokha. Pokémon inalonjeza china: ulendo wokhala ndi kopita. Nkhani ikalonjeza zotero, woonera amawerenga mtunda umene wayendedwa.

Kugonja kwa Ash m'mipikisano ikuluikulu ndiko kumaonetsa bwino pamene luso la olemba linakhwima ndi pamene linafooka. Mumpikisano wake woyamba anagonja kwa Ritchie chifukwa Charizard wake anakana kumumvera, anangogona pansi pakati pa bwalo anthu akuonerera. Kugonja kumeneko kunalembedwa mwaluso, poti kunachokera m'khalidwe la Ash mwini: anali ndi chinyama champhamvu chimene sichinkamulemekeza, ndipo oonera anali ataona vutolo likukula kwa magawo ambiri. Ku Sinnoh zinali zina. Ash anali atakhwima, atagonjetsa Paul, mdani amene nkhani inamukonza kwa zaka pafupifupi zinayi, kenaka panangotulukira Tobias ndi Darkrai wake n'kumutsekera njira. Tobias analibe mbiri m'nkhanimo ndipo ntchito yake inali imodzi yokha, kuletsa Ash kutenga chikho. Mu Ogasiti 2016 Ash anafika mundime yomaliza ya mpikisano wa ku Kalos, Greninja wake n'kugwa pamaso pa Charizard wa Alain. Mkwiyo umene unabuka pa intaneti nthawi imeneyo sunali wa anthu osafuna kuti ngwazi yawo izigonja. Anali atatopa ndi kuona dzanja la wolemba likulowerera poyera.

Kumapeto kwa chaka chomwecho kajambulidwe kanasintha. M'magawo a Sun & Moon nkhope ya Ash inakhala yobulungira, mizere inachepa, ndipo analowa sukulu ku Alola m'malo moyendayenda. Ambiri anati wasanduka kamwana. Komabe mizere yochepayo inapatsa ojambula mpata woyendetsa matupi ndi nkhope momasuka, ndipo ndi komweko ku Alola kumene Ash anatenga chikho mu 2019. Mu Novembala 2022 Pikachu anagwetsa Charizard wa Leon, Ash n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Apa olemba anali atafika pamapeto a msewu umene anauzengereza kwa zaka 25.

Mu Epulo 2023 munayamba Pokémon Horizons, yotsata Liko, mtsikana wamanyazi wokhala ndi Sprigatito, ndi Roy wokhala ndi Fuecoco. M'magawo oyambirira iwowa ankayenda pa chombo chouluka cha gulu lotsogozedwa ndi Friede, kufufuza chinsinsi cha mkanda umene Liko analandira kwa agogo ake. Oonera anagawikana. Ena amati Ash abwerere ali wamkulu, mwina ngati mphunzitsi wa ana atsopanowa. Ena amati asabwererenso, chifukwa akangoonekera maso onse adzachoka pa Liko. Mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo yolimba. Liko wamangidwa mosiyana kwambiri ndi Ash: woonera amamva maganizo ake akulimbana ndi mantha, ndipo sanayambe ulendo akudziwa chimene akufuna. Mpangankhani wotere amafuna nthawi ndi malo ake.

Koma amene amasowa Ash sakungolira zakale. Nkhani yakale inali ndi magawo oima paokha, amene ena ankawatcha ongodzazira nthawi, chonsecho ena mwa iwo ndi amene anthu amawakumbukira mpaka lero. Chitsanzo ndi gawo la mu 1997 pamene Ash anamasula Butterfree, kanyama koyamba kamene anagwira yekha, kuti kapite ndi kanzake kutsidya la nyanja. Munalibe chikho kapena chinsinsi, munali mwana wophunzira kutsanzikana. Panalinso Jessie, James ndi Meowth a Team Rocket, akuba olephera nthawi zonse amene ankabweretsa nthabwala ndi chisoni chomwe. Horizons imathamangira kumasula zinsinsi zake, ndipo nkhani yomangidwa chotero imavutika kupeza mpata woima panjira. Nkhani ya ulendo imafuna zonse ziwiri, kopita ndi zokumana nazo m'njira zimene zimasiya chipsera pa woyendayo.

Mu Epulo 2025 olemba anachita chimene sanachitepo pa Ash: anadumpha chaka chathunthu, Liko ndi Roy n'kubwerera atasinkhukirapo, maonekedwe awo atasinthanso. Ichi ndi chizindikiro chakuti anamva dandaulo lakale lija. Komabe magawo atsopanowo, otchedwa Mega Voltage, anabweretsanso mphamvu ya Mega Evolution patangotsala miyezi yochepa kuti gemu ya Pokémon Legends: Z-A, yomangidwa pa mphamvu yomweyo, ituluke mu Okutobala 2025. Magemu akadali kutsogolera, ndipo olemba a Liko akugwira ntchito pansi pa lamulo lomwe linkamanga olemba a Ash.