Malire a Kusuntha kwa Mau: Kuyesa Buku la Mchombo

Mu 1967 John Ross, wophunzira wa Noam Chomsky ku America, anasonyeza kuti mau m'chiganizo sayenda monga afunira. Alipo malo ena amene iye anawatcha zilumba, pakuti mau okhala m'menemo sangathe kuolokera kutsogolo. Yesani nokha. Tikati, "Amayi anagula mpunga ndi nsomba," palibe angatulutse nsombazo nanena kuti, "Nsomba zimene amayi anagula mpunga ndi." Khutu likana, ngakhale mwini khutuyo sanapondepo m'kalasi.

Koma Ross anayesa makamaka Chingerezi. Nanga malire akewo ndiwo athunso? Yankho lomveka lili m'buku la Sam Mchombo la mu 2004, The Syntax of Chichewa, limene lipitiriza zimene iye ndi Joan Bresnan analemba mu 1987. Mbalame za m'minda ya mpunga ku Hara, m'boma la Karonga, zitithandize kumva mfundo yao. Titha kunena kuti, "Mbalame zinadya mpunga," kapena, "Zinadya mpunga mbalame"; koma "Mpunga mbalame zinadya" ndi chiganizo chopunduka, chifukwa pamtherankhani saloledwa kusiyana ndi mneni wake. Tsono ikani kachilembo u m'kati mwa mneni: "Mpunga mbalame zinaudya." Chachira! Mau atatuwo mungawasanje m'njira zonse 6, tanthauzo osatayika. Ngakhale chilumba chimene Mngerezi sachioloka, ife tichioloka: "Mpunga uwu, ndimdziwa munthu amene anauba." Akatswiriwa ati dzinalo silinasunthe konse ai, u ndiye mlowam'malo wogwira ntchito ya pamtherankhani, ndipo "mpunga" waima padera monga mutu wa nkhani. Apa ndiwavomereza ndi mtima wonse.

Pamene ndikaika ndi apa. Ngati kachilemboko kali mlowam'malo nthawi zonse, ndiye kuti mu "Ndinamuona mwana" dzina lakuti mwana langoonjezedwa kunja. Koma ambiri a ife, potchula munthu, tiika mu mosaganiza, popanda kupuma pakati. Mpunga ndiwo tiusiya wopanda u. Kusiyana kumeneku kwa munthu ndi chinthu bukuli silikupatsa malo okwanira. Chingerezi chakenso ncholimba, ndipo alenje, njuchi ndi anyani a m'zitsanzo zake atopetsa msanga.

Komabe inu aphunzitsi a mawa musalilambalale. Ena a inu mudzatumidwa ku Hara komweko, kumene ana afika kusukulu ndi Chitumbuka kapena Chinkhonde pakamwa. Mwana akadzalemba kuti, "Mpunga mbalame zinaudya," musadzamdule ndi inki yofiira poyesa kuti mwininkhani ayenera kutsogola monga m'Chingerezi. Akadzalemba "Mpunga mbalame zinadya," musasanjenso mau ake. Msonyezeni pamene pasowa u, pakati pa na ndi dya.