Ayizi wa malambe pa Boma la Chadiza

Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo pa Boma la Chadiza, ndimathokoza amayi opanga ayizi wa malambe. Ntchito yawo imayamba madzulo: amanyika malambe m'madzi ofunda, kutikita ndi manja mpaka ufa wonse uchoke ku njere, kusefa, kenako kuthira shuga. Luso lenileni lili pa mkaka. Malambe ngowawasa, choncho mkaka wothira mothamanga umachita mibulu. Mayi wodziwa amathira pang'onopang'ono, akutakasa, akulawa. Ena amayesako nthochi kapena mango. Timatumba tapulasitiki amatimanga kamodzikamodzi n'kutigoneka m'firiji, ndipo magetsi akathima usiku, mpamba womwe umasungunuka. Kukacha, mwana wasukulu amaluma pakona n'kuyamwa, mano kuchita dzanzi, iye osasiya.