Magazini ya Maluwa ndi Maina a Mitengo Yathu

Ku London, m'dziko la England, kuli magazini imene nchito yake ndi kujambula zomera basi. Dzina lake ndi Curtis's Botanical Magazine. Anaiyamba ndi William Curtis m'caka ca 1787, ndipo ikutulukabe mpaka lero. Curtis anali wogulitsa mankhwala, koma mtima wake unali pa zomera. Iye anaona kuti anthu olemera a kwao amakonda kubzala maluwa a maiko akutali, ndipo amafuna kuwadziwa maina. Motero mwezi uliwonse ankatulutsa kabuku ka zithunzi zitatu, cithunzi ciliconse ndi mau ake ocifotokoza.

Pali cinthu cimene tiyenera kuiyamikira magaziniyi. Kufikira caka ca 1948, zithunzi zake ankazipaka utoto ndi manja, cimodzicimodzi, m'makope onse. Walter Hood Fitch yekha anajambula zithunzi zoposa 2,700 pakati pa 1834 ndi 1877. Pambuyo pake mai wina, Matilda Smith, anajambula zoposa 2,300. Ngakhale mlambe wathu unaonekamo m'caka ca 1828.

Wojambula wotere sakometsa dala. Amawerenga mitsempha ya tsamba, amang'amba duwa kuti tione za m'kati, ndipo kawirikawiri amaika duwa ndi cipatso pa pepala limodzi, cinkana kuthengo ziwirizi zimabwera miyezi yosiyana. Agogo amene sanagwirepo pensulo angathe kuloza cithunzico ndi kunena dzina la mtengo msanga kuposa mphunzitsi. Apa tilibe cotsutsa. Ndi nchito ya anthu a maso abwino.

Koma tikawerenga mau olembedwa pansi pa zithunzi za m'mabuku otere, timayamba kudandaula. Taonani msuku, umene amai amagulitsa zipatso zake m'mbali mwa mseu wa Mandimba kunka ku Cuamba mvula ikayandikira. M'mabuku a akatswiri dzina lake ndi Uapaca kirkiana, kukumbukira John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone nafika ku nyanja yathu m'caka ca 1859. Kodi Kirk ndiye anayamba kudya masuku? Makolo athu anali atawadya kalekale. Dzina la mlendo linalembedwa. Maina a anthu amene ankamsenzera katundu ndi kumlozera mitengo anasiyidwa.

Nkhani ya kombe ndiyo imaonetsa bwino zimenezi. Amang'anja a kucigwa ca Shire ankatenga njere za kombe ndi kupanga ulembe wopaka ku mibvi. Kirk anasunga ulembewo pang'ono m'thumba limodzi ndi mswaci wake. Atatsuka m'kamwa, anamva kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Zomerazo zinatumizidwa ku Kew, munda waukulu wa zomera ku London, ndipo m'caka ca 1871 Daniel Oliver anazifotokoza ndi cithunzi m'magazini ina, Hooker's Icones Plantarum, nazipatsa dzina loti Strophanthus kombe. Kenaka Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapezamo mankhwala a matenda a mtima, ndipo njere za kombe zinasanduka malonda. Liu lathu linatsala m'dzinalo, inde. Koma alenje amene anadziwa mphamvu ya njerezo poyamba palibe anawalemba.

Tisanene kuti maina a Cilatini ndi acabe. Pamsika wa Mandimba mtengo umodzi wa matabwa Mnyanja amati mlombwa, Myao amati mtumbati, wolankhula Cipwitikizi amati umbila. Katswiri akalemba Pterocarpus angolensis, onse a maiko onse amadziwa kuti ndi mtengo uti. Dzina lotere likhalepo. Colakwa ndi cakuti limakhala lokha.

Zomera za kuno zinalembedwanso m'mabuku a Flora Zambesiaca, amene anayamba kutuluka m'caka ca 1960, osimba za Mozambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana. M'menemo mumapezeka maina a Mandimba, Cuamba ndi Massangulo wa ku Ngauma, kumene Apwitikizi monga Gomes e Sousa ndi Rocha da Torre ankatola masamba ndi kuwaumitsa m'mapepala. Mabukuwa ndi a Cingerezi. Flora de Moçambique, imene inayamba mu 1969, ndi ya Cipwitikizi. Mlimi wa ku Massangulo sangawerenge za mtengo wa kuseri kwa nyumba yake.

Buku limene linayandikira kwa ife ndi la mai Jessie Williamson, Useful Plants of Nyasaland, lotuluka ku Zomba mu 1955. Lilibe zithunzi zokongola ngati za Curtis, koma lili ndi maina a Cinyanja ndi Ciyao, ndiponso limanena comera cimene ndi ndiwo, cimene ndi mankhwala, cimene ndi luzi. Maiyo anafunsa anthu a m'midzi, namvera.

Masiku ano mitengo ikutha ndi makala ndi minda ya fodya, ndipo okalamba odziwa maina akucepa. Sabata yamawa aliyense abwere ku kalasi ndi tsamba limodzi, ndi duwa kapena cipatso cake ngati cilipo. Tidzalijambula m'kope, tidzalemba dzina lake m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cimakua, nchito yake, malo amene linathyoledwa, ndi dzina la munthu amene watiuza.