Kukukuta mano ndi ululu wa nsagwada: chikalata cha 2018 tikachiwerengera ku Nayuchi

Mu 2018 magazini ya Journal of Oral Rehabilitation inasindikiza chikalata chimene akatswiri a mano a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana, motsogoleredwa ndi Frank Lobbezoo wa ku Amsterdam, atakumana ku San Francisco mu 2017. Phata la chikalatachi ndi ziganizo ziwiri: china chikulongosola kukukuta mano m'tulo, china kukukuta munthu ali maso. Ziganizo zimenezi n'zoyenera kuziwerenga mofatsa, tikuganizira munthu wa ku Nayuchi amene nsagwada ikumuwawa pafupi ndi khutu, pomwe a mano ali kutali, ku chipatala cha boma ku Liwonde.

Ziganizo zonse ziwiri zayamba ndi minofu, osati mano. Olembawo akuti kukukuta ndi ntchito ya minofu yotafunira. Ikani zala pa masaya n'kuluma: chotumphukacho ndi mnofu umodzi. Wina uli pa litsipa. Minofu imeneyi ndiyo imayendetsa nsagwada ya m'munsi, imene imalumikizana ndi chigaza kutsogolo kwa khutu, ndipo pakati pa mafupa awiriwo pali kanthu kofewa konga kamtsamiro. Minofuyo ikatopa, kapena polumikizirapo pakavutika, ululu umamveka m'khutu, pa litsipa, ngakhale m'mano a kumbuyo amene alibe bowo lililonse. Apa ndi pamene ndikuona phindu loyamba la chikalatachi kwa ife. Kwathu kuno thandizo la mano limene ambiri amalidziwa ndi kuzula. Munthu amene wayenda ulendo wautali kuchokera ku malire safuna kubwerera chimanjamanja, choncho amaloza dzino n'kuchonderera kuti lichoke. Ngati gwero ndi mnofu, dzino lipita koma ululu utsala.

Chiganizo cha kukukuta kwa masana ndicho chandigwira mtima kwambiri. Sichikunena za phokoso. Chikunena za mano kukhudzana mobwerezabwereza kapena kwa nthawi yaitali, ndiponso za kuumitsa nsagwada kapena kuikankhira kutsogolo, ngakhale mano asanakhudzane. Ndiye kuti ngakhale agogo amene mano anatha m'kamwa akhoza kukhala m'gulu limeneli. Ndiye kutinso wina akhoza kumatopetsa nsagwada tsiku lonse popanda womumva. Taonani nkhope ya mnyamata amene akukankha njinga ya matumba a mpunga mumchenga wa ku Nayuchi, kapena msodzi akukoka khoka pa nyanja ya Chiuta, kapenanso mayi amene wakhala duu pa siteshoni, mutu uli pa ngongole ya katundu amene waoda ku Entre Lagos, tsidya la malire. Pakamwa pali chitsekere, masaya ali gwa. Pomwe munthu akapumula bwino, milomo imakhudzana koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi amasiya kampata.

Chimene ziganizozi sizinatchule n'chofunikanso: mulibe ululu. Olembawo anakana kutcha kukukuta matenda. Akuti ndi khalidwe la thupi limene kwa ena limabweretsa mavuto, kwa ena silipweteka kanthu, ndipo kwa enanso mwina limathandiza, monga kutsegula njira ya mpweya m'tulo. Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa. Mmodzi mwa olembawo, Karen Raphael wa ku New York, anatsogolera kafukufuku amene anatuluka mu 2012. Amayi 124 a ululu wa minofu ya nsagwada ndi amayi 46 opanda ululu anagonekedwa m'chipinda choyezera tulo. Powafunsa pakamwa, odwalawo oposa theka anati amakukuta usiku. Koma makina anapeza kukukuta kwenikweni mwa mayi mmodzi pa amayi khumi alionse, m'magulu onse awiri mofanana. Munthu akamva ululu amafuna pouika, ndipo akauzidwa kuti mwina amakukuta amavomera msanga. Sindikunena kuti kukukuta kwa usiku n'kosalakwa; kumaperepesa mano, kumawang'alula, ndipo ena amadzukadi masaya atalema. Koma kuuza wodwala aliyense kuti vuto lake ndi zimene amachita ali m'tulo n'kumusiya wopanda chochita, pomwe zamasana angathe kuzigwira yekha.

Ziganizo zonse ziwiri zatsekedwa ndi chenjezo limodzi: zonsezi zikunena za munthu amene mbali zina ali bwinobwino. Ku Amsterdam mawu amenewa angaoneke ongotsirizira. Ku Machinga, boma limene kuli Nayuchi, ndi nkhani ya moyo. Mwana wotentha thupi amene wayamba kukukuta mano, kukomoka kapena kusazindikira anthu akhoza kukhala ndi malungo a m'bongo, ndipo ameneyo ndi wothamangira naye ku chipatala nthawi yomweyo. Nsagwada youma yosatseguka, patapita masiku munthu atabayidwa ndi msomali kapena mbedza, ikhoza kukhala kafumbata. Tsaya lotupa pamodzi ndi kutentha thupi likhoza kukhala chizindikiro cha mafinya a dzino. Koma mwana wosewera bwino, wodya bwino, amene amangokukuta usiku, nthawi zambiri amasiya akamakula. Makolo amathamangira kunena njoka za m'mimba, ena mpaka kunong'ona za ufiti, ndipo kunong'ona kumeneku kumavulaza mwana kuposa kukukutako.

Pamene chikalatachi chafooka ndi pa masitepe atatu otsimikizira. Ngati munthu wangonena yekha, akuti mwina amakukuta. Ngati dokotala waona zizindikiro monga mano operepeseka, lilime losindikizika mano m'mbali, kapena mzere woyera m'kati mwa tsaya, akuti n'kutheka kwambiri. Kutsimikiza kwenikweni akusiyira makina oyeza minofu ndi tulo. Sitepe yachitatuyi munthu wa ku Nayuchi sadzaikwera. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu yunivesite ya KUHeS, ndipo ndondomeko ya boma ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Komabe masitepe awiri oyambawo safuna magetsi. Amafuna wachipatala wofunsa bwino, wokanikiza masaya ndi litsipa ndi zala zake, ndiponso mboni yomva kukukutako, imene m'nyumba zathu zogona ambiri sisowa.

Ululu wa nsagwada wa mtundu umenewu nthawi zambiri umachepa ndi chisamaliro chosavuta. Siyani kaye nzimbe, chimanga chokazinga ndi chingamu. Thowani tsaya ndi kansalu ka madzi ofunda, chepetsani fodya ndi mowa, gwirizani chibwano poyasamula, ndipo masana muzidzifunsa ngati mano akhudzana. Zikapitirira, pitani ku chipatala. Ndipo inu a chipatala, wodwala akaloza dzino lopanda bowo, musanatenge chozulira yambani mwagwira minofu.