Mizere itatu ya Conflagration ndi mtengo umene sunalembedwe pa khadi

Khadi la Conflagration, m'masewera a makhadi otchedwa Vampire: The Eternal Struggle, lili ndi mizere itatu yokha. Woyamba ndi wa namapopa wodziwa Potence, mphamvu ya nyonga za thupi: amenye mdani mabala awiri, ngakhale mdaniyo ali patali. Wachiwiri ndi wa amene wangolawako Daimoinon, mphamvu yochokera kwa ziwanda: bala limodzi lokha, koma lamoto. Wachitatu, wa zilembo zonenepa, ndi wa katswiri wa Daimoinon: mabala awiri amoto. Cholipira chake ndi dontho limodzi la magazi. Wongoyamba kumene amakwinya nkhope akafika pa mzere wachiwiri. Mabala anali awiri, tsopano latsala limodzi. Kodi ziwandazo zachepetsa mphamvu?

Masewerawa anawapanga ndi Richard Garfield, yemwe uja wa Magic: The Gathering, ndipo anatuluka mu 1994 ali ndi dzina loti Jyhad, limene linasinthidwa mu 1995. Pa tebulo pamakhala anthu anayi kapena asanu. Aliyense amayamba ndi nkhokwe ya mikanda 30, imene osewera amaitcha pool, ndipo ikatha mwini wake watuluka. Wokhala kumanzere kwako ndiye nyama yako, wa kumanja ndiye mlenje wako. Ukatulutsa nyama yako umapata pointi imodzi ndi mikanda 6. Chopweteka n'chakuti mikanda yomweyo, imene ili moyo wako, ndi imenenso umagulira anamapopa okugwirira ntchito. Fuko la Baali, eni ake a Daimoinon, linalowa m'masewerawa mu 2001 ndi mpukutu wa makhadi wotchedwa Bloodlines, ndipo kalembedwe ka mizere itatu kanabwera nthawi yomweyo: mzere wapamwamba unaikidwa kuti khadi la fuko losowa lisakhale chinyalala m'manja mwa anamapopa a mafuko ena.

Tibwerere ku bala limodzi lija. Bala wamba namapopa amalipoletsa ndi magazi: dontho limodzi, bala limodzi, n'kupitiriza ndewu. Mabala awiri a Potence, kwa namapopa wokhuta, ndi kukanda chabe. Bala lamoto silipola ndi magazi. Likangomukhudza, ngakhale akhale mkulu wa madontho 11, amagwa chikomokere, amachoka pabwalo, ndipo kumudzutsa kumadya magazi ndi nthawi. Choncho limodzi la mzere wachiwiri limaposa awiri a mzere woyamba. Pali malo amodzi pamene zinthu zimatembenuka: othandiza amene si anamapopa, monga anthu ndi zilombo zolembedwa ntchito, moto amaumva ngati bala wamba. Kwa amenewa limodzi ndi limodzi basi.

Mzere wachitatu ndi umene ambiri amauwerenga mothamanga. Bala lachiwiri lamoto siligwetsa munthu kawiri. Likagwera wovulala kale, iye ayenera kuwotcha dontho la magazi kuti asapserere. Ngati alibe dontholo, amapsa n'kutheratu, khadi lake n'kupita kudzala. Ndiye kuti kusiyana kwa mzere wachiwiri ndi wachitatu kumaoneka bwino pa mdani wanjala. Pa wokhuta, mwangomulanda dontho limodzi loonjezera. Wosewera wanzeru amayang'ana kaye mikanda ili pa khadi la mdani asanasangalale ndi zilembo zonenepazo.

Pa mizere yonse itatu pali chilembo R, kutanthauza kuti nkhonyayo imafika patali. Ndewu m'masewerawa imayamba pafupi, pokhapokha wina atasuntha. Khadi lina la Daimoinon, Fear of the Void Below, limachititsa kuti ndewu iziyambira patali, kumene zikhadabo ndi zibakera za mdani sizifika koma moto umafika. Makhadi awiriwa anabadwira limodzi, ndipo amene wawaona akugwira ntchito amafuna kudzaza mulu wake wonse ndi iwo. Lamulo silimuletsa: mulu umakhala wa makhadi 60 mpaka 90, ndipo khadi limodzi ungalibwereze kangati konse ungafune.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi okonda moto. Mtengo weniweni wa Conflagration suli pa Conflagration. Uli pa khadi la namapopa amene akuliponya, m'mawu amodzi olembedwa kumapeto kwa mbiri yake: Infernal. Namapopa aliyense akagwira ntchito khadi lake limagonekedwa cham'mbali, ndipo nthawi yako yosewera ikafikanso amadzuka yekha, ulere. Wa Infernal sadzuka yekha. Umayamba wawotcha mkanda umodzi wa m'nkhokwe yako, apo ayi agona choncho. Ali ngati waganyu amene sagwira khasu asanaone ndalama m'manja, ndipo mawa mudzayambiranso pomwepo.

Mkanda umodzi ukuoneka wochepa mpaka utawerengera. Kutulutsa Nergal kapena Cybele, akuluakulu a Baali, kumadya mikanda 10 mwa 30 ija. Yatsala 20, mlenje wako asanakukhudze n'komwe. Ukakhala ndi anamapopa atatu a Infernal n'kumawadzutsa onse, ukutaya mikanda itatu ulendo uliwonse, chimodzimodzi ngati wakhala ndi mlenje wachiwiri amene sungamutchinge. Ndipo msonkhowo suona msinkhu: kamwana ka madontho atatu ndi nkhalamba ya madontho 10 onse amafuna mkanda umodzi. Mawu amodzi aja akukuuza kale kamangidwe ka gulu lako. Baali mmodzi wamkulu, mwina awiri, ndipo ntchito zing'onozing'ono uzipereke kwa othandiza ndi anamapopa amene alibe ngongole ndi ziwanda.

Tsopano funso loyenera kufunsa khadi lililonse la Daimoinon ndi lakuti: kodi likubweza mkanda umene ndalipira podzutsa mwini wake? Conflagration payokha siyankha. Kugwetsa namapopa wa nyama yako sikuchotsa mkanda ngakhale umodzi m'nkhokwe yake. Kumatsegula njira, inde, komanso kumatsegulira ena. Ukagwetsa anamapopa onse a mlenje wako, amene amadya phindu ndi mlenje wake wa iyeyo, amene akamumaliza amapata mikanda 6 n'kudzakhala kumanja kwako ali wonenepa. Komanso moto uli ndi mankhwala ake. Majesty, khadi la Presence, limathetsa ndewu nkhonya isanagwe, wozinda amazinda, wa Fortitude amatchinga balalo. Dontho lako la magazi lapita, mdani ali chilili.

Khadi limene limayankha funsolo ndi Sense the Sin, ndipo kalembedwe kake n'kodabwitsa. Mzere wa mphamvu ina yotchedwa Auspex ndi wa Daimoinon wamba onse ndi odzitetezera: amapatsa namapopa maso akuthwa pang'ono kuti atchinge wozemba. Ukafika pa mzere wa katswiri, khadi limasintha mtundu, limasanduka chida choukirira: mikanda iwiri yoonjezera pamene ukukama nyama yako, kutanthauza kuichotsera mikanda m'nkhokwe yake. Pa makhadi ambiri mzere wa katswiri umangokuza zimene wapansi wanena. Ili limatembenuka n'kuloza kwina. Ine ndimaliwerenga ngati malangizo a opanga masewera kwa mwini Baali. Kulipira mkanda kuti namapopa aime ngati mlonda, kudikira mdani amene mwina sabwera, n'kutaya. Kulipira mkanda kuti nyama yako itaye itatu, umodzi wa nthawi zonse ndi iwiri ya khadili, ndiye malonda. Ulonda ungaupeze mwa njira ina: On the Qui Vive imalola namapopa wogona kutchinga ngati ali maso, osalipira msonkho, ndipo pamenepo mzere wachiwiri wa Sense the Sin umapeza ntchito.

Psychomachia imanena zomwezo kuchokera mbali ina. Wina akafuna kukutchinga, Daimoinon imalepheretsa kutchingako, ndipo iyeyo saloledwa kuyesanso pa ntchito imeneyo. Katswiri amamuwonjezera bala limodzi losatchingika. Koma pamwamba pa khadi pali chiletso: limagwira pa wothandiza kapena pa namapopa wamng'ono kwa iwe. Ukulu m'masewerawa sauyeza ndi zaka koma ndi kuchuluka kwa magazi amene namapopa angasunge. M'manja mwa Baali wa madontho anayi, khadili lidzakhala likudikira tsiku lonse. M'manja mwa wa madontho 10, pafupifupi aliyense pa tebulo ndi mwana. Chiletso chimenechi ndi msonkho wa Infernal zikuloza kumodzi.

Pali vuto lina limene silioneka ukamawerenga khadi limodzilimodzi. M'manja mumakhala makhadi 7, ndipo watsopano amabwera ukaponya wakale. Baali ali ndi Obfuscate yozembera ndi Presence yokamira. Ukaonjeza Psychomachia, ndiye kuti cholinga chako n'chakuti wina asakugwire. Koma Conflagration imaponyedwa m'ndewu mokha, ndipo ndewu imabwera akakugwira kapena ukagwira wina. Mulu wozemba bwino umadzaza manja ndi moto wopanda pouponya, mpaka makhadi okamira osowa polowera. N'chifukwa chake ndimakonda Conflagration yowerengeka. Ikaoneka kamodzi koyambirira, nkhalamba ya wina itagwa chikomokere aliyense akuona, tebulo lonse limayamba kuganiza kawiri lisanakutchinge, ndipo mantha amenewo sadya magazi. (Pa tebulo la anthu asanu mantha ali ndi msana wake: woopedwa kwambiri amamupangira upo, ngakhale ndi anthu okhala kutsidya amene analibe naye mlandu.)

Magazi nawo uwasunge. Conflagration, Fear of the Void Below ndi Psychomachia zonse zimadya dontho limodzilimodzi, ndipo namapopa wouma akadzuka lamulo limamukakamiza kukasaka, kumene amabwerako ndi dontho limodzi. Kwa Baali zimenezo zikutanthauza kupereka mkanda wa moyo wako kuti ugule dontho limodzi la wantchito, ulendo wonse n'kupita nyama yako ikupuma.

Opanga makhadi anadziwa kulemera kwa msonkhowu. Mu 2010, mu mpukutu wa Heirs to the Blood, anatulutsa Baali wa madontho 10 wotchedwa The unnamed, amene akakama bwinobwino mwini wake amapata mikanda iwiri. Wamudzutsa ndi umodzi, wabweza iwiri, ndipo Sense the Sin yachotsa itatu kwa nyama. Wokama bwino amatenganso chizindikiro chotchedwa Edge, chimene chimapatsa mkanda umodzi poyamba ulendo wotsatira, ndendende mtengo wodzutsira, ngati wina sanachilande tebulo lisanazungulire.

Lamulo la Infernal likuti ungathe kulipira, silikuti uyenera. Ulendo umene m'manja mulibe chokamira, nyama yako yaimika alonda amene Psychomachia siwafika, ndipo nkhokwe yatsika pansi pa mikanda 10, Baali agone. Ponya khadi limodzi losafunika kumapeto kwa ulendo, sunga On the Qui Vive ndi Conflagration imodzi kuchitira mlenje, ndipo mkandawo udzaulipire ulendo umene Sense the Sin yafika m'manja.