Siginala Sakoka Yekha Chilimira

Pa gombe la Malindi usipa ukafa wambiri, dzina lomwe limamveka m'mawa ndi la siginala. Amayi ogula nsomba amafunsa kuti pa nyali panali ndani. Mwini ukonde amamusunga ngati dzira kuopa kuti anzake angamunyengerere, ndipo pogawana ndalama gawo lake limaposa la msodzi wina aliyense m'botimo. Ulemu umenewu ndi womuyenera. Chimene ndikudandaula nacho n'chakuti tikamatama munthu mmodziyu timaiwala anthu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi amene manja awo ndiwo amakweza nsombayo m'boti.

Luso la siginala ndi la maso, makutu ndi kudekha. Dzuwa likapendeka, boti la injini limakoka mabwato kupita pakati pa nyanja, kuloza cha ku chilumba cha Boadzulu kapena kupitirira. Kumeneko siginala amatsala yekha m'bwato lake, nyali zili kumbuyo, n'kumadikira. Amaona thovu lomwe likutuluka pansi, amamvera kuwaza kwa madzi, amayesa kumene mafunde a pansi akulowera. Akaitana msanga, ukonde ubwera ndi nsomba zosadzaza chigoba. Akachedwa, gulu la nsomba limwazika. Mwezi ukawala kwambiri nyali zake zimatha mphamvu, n'chifukwa chake masiku amenewo ambiri amakhala kumtunda n'kumasoka maukonde.

Koma akangoitana, ntchito yachoka m'manja mwake. Boti ndi bwato lachiwiri zimasiyana, chilichonse chitagwira chingwe chake, n'kumaponya ukonde wa chilimira mozungulira. Chingwe cha pamwamba chiyandame, cha pansi chimire ndi miyala yake, thumba likhale pakati. Siginala amapalasa pang'onopang'ono kulowa pakamwa pa ukondewo, nsomba zikulondola kuwala. Apa ndiye pagona nkhani. Mbali ziwirizo ziyenera kukoka mofanana ndendende. Mbali imodzi ikatsogola, pakamwa pamapotoka ndipo usipa umathawira kumene kwalekerera. Chingwe cha pansi chikachedwa kukwera, gulu lonse limadutsa kunsi, maola onse amene siginala anadikira n'kupita pachabe. Wina akukoka, wina akuyala ukonde wonyowa bwinobwino kuti poponyanso usakolane, wina akukapa madzi, wina wagwira nkhafi kuti boti lisatembenuke ndi mphepo. Zonsezi zikuchitika mumdima, pa thabwa loterera, popanda woimba pinto. Nyimbo imene okoka amaimba ndiyo imagwirizanitsa mikono yawo kuti ikoke nthawi imodzi, ndipo gulu lomwe lasokoneza kayimbidwe mudzaliona likusokonezanso kakokedwe.

Achinyamata omwe amaonera mpikisano wa magalimoto wa Formula One pa kanema amadziwa chinthu chofanana ndi ichi. Woyendetsa ndiye amakwera pa nsanja kulandira chikho, koma galimoto ikaima kuti isinthe matayala pamathamangira anthu pafupifupi 20. Tayala lililonse lili ndi anthu atatu: womasula ndi kumanga nati, wochotsa tayala lakale, ndi woika latsopano. Ena awiri amanyamula galimoto ndi jeke, kutsogolo ndi kumbuyo. Mu Okutobala 2023 ku Qatar, gulu la McLaren linasintha matayala onse anayi a galimoto ya Lando Norris m'masekondi 1.80, kuposa masekondi 1.82 omwe a Red Bull anachita ku Brazil mu 2019. Komanso ku Monaco mu 2021, Valtteri Bottas wa Mercedes anali pa nambala yachiwiri pamene nati imodzi inakana kumasuka, ndipo mpikisano wake unathera pomwepo. Kumeneko eni magulu anazindikira kalekale kuti anthu a matayalawa ndi akatswiri. Amawaphunzitsa, amawayeserera mobwerezabwereza, amawaveka zodzitetezera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kwathu kuno wokoka chilimira timamuona ngati waganyu amene angalowedwe m'malo ndi mnyamata aliyense wopezeka padoko madzulo amenewo.

Maganizo amenewa ndiwo akuwononga lusoli. Gulu labwino la chilimira silipangika usiku umodzi. Anthu amene akokera limodzi nyengo zingapo amadziwana mpaka kapumidwe. Wina akatopa mnzake amamva pa chingwe, n'kuonjezera mphamvu asanauzidwe. Gulu lotoleza mwachisawawa limadziwika ndi phokoso. Aliyense akulamula, zingwe zikupingasana, ndipo pobwerera kumtunda mlandu wonse amaukankhira kwa siginala kapena kwa munthu amene akumuganizira kuti wawalodza. Ine ndimati kawirikawiri vuto limakhala la manja osazolowerana.

Zipangizo zatsopano zabisa vutoli. Nyali za parafini zija zalowedwa m'malo ndi mababu a LED oyendera batire, owala kwambiri komanso osavuta kuyatsa. Injini yafupikitsa ulendo umene makolo ankapalasa ndi nkhafi. Zonsezi n'zothandiza, ndipo palibe amene akufuna kubwerera m'mbuyo. Koma eni zida ena ayamba kuganiza kuti mababu akachuluka ndiye kuti nsomba zafa kale. Kuwala kumangosonkhanitsa nsomba, kuzikweza m'boti kukadali ntchito ya mikono monga zinalili chilimira chisanafike kuno kummwera kuchokera ku Likoma. Ndipo pamene nsomba zikuchepa m'chigawo chino cha nyanja, kuponya kulikonse kolakwika kukudula kuposa kale, chifukwa petulo wapsa ndipo gulu lina la usipa mwina silibweranso usiku umenewo.

Ku Nyanja ya Malombe, kumunsi kwa boma la Mangochi, ukonde wa nkacha umaonetsa poyera mtengo wa munthu wosatchulidwayu. Kumeneko pamafunika wina woti amire n'kukamanga chingwe cha pansi kuti ukonde utsekeke. Amatsika ndi mpweya wa m'chifuwa chake basi. Akakodwa mu ukonde, moyo wake uli m'manja mwa anzake ali pamwambawo. Munthu wotero ndani angamutche waganyu wamba?

Kagawidwe kofala n'kakuti akachotsa ndalama za mafuta, mwini zida amatenga theka, theka linalo n'kugawana onse amene anagona panyanja. Mwini zida anagula boti, injini ndi ukonde, ndipo zikawonongeka amakonza ndi iyeyo. Phindu lake n'lomveka. Koma amene amakumana ndi mwera mu Juni ndi Julayi, boti litalemedwa ndi nsomba, ndi okokawo, ambiri mwa iwo opanda jekete yoyandamitsa. Makomiti a m'magombe, omwe anayambira ku Malombe mu 1993, amakambirana za maso a maukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Akambiranenso za anthuwa. Inu eni zilimira a ku Malindi, sungani gulu lanu monga mumasungira siginala wanu: lembani mayina awo, gawani ndalama onse akuona, ndipo boti lisachoke padoko popanda jekete ya munthu aliyense.