Mikanjo yoyera ya Zurbarán ku Cádiz

Amene amapita ku Museo de Cádiz m'dziko la Spain, pa bwalo la Plaza de Mina, ambiri amathera nthawi yawo m'chipinda chapansi, pomwe pali mabokosi awiri amaliro amwala a Afoinike, osemedwa m'maonekedwe a munthu. La mwamuna linafukulidwa mu 1887, la mkazi mu 1980. Ndi oyenera kuwaona ndithu. Koma wofuna kudziwa zimene dzanja la munthu lingachite ndi utoto woyera akwere masitepe, akaime pamaso pa amonke amene Francisco de Zurbarán anajambula cha m'ma 1638 ndi 1639.

Zithunzi zimenezi kwawo kwenikweni si kuno. Anazijambulira nyumba ya amonke a chipani cha Bruno Woyera, yotchedwa Cartuja, kufupi ndi Jerez de la Frontera. Amonkewa amakhala moyo wachete, ndipo amavala mikanjo yoyera yaubweya. Mmisiri wosakhwima akapatsidwa ntchito yotere amasowa pogwira: anthu osayankhula, oima duu, onse chovala chimodzi. Zurbarán anapeza chuma chake momwemo.

Yandikirani mkanjo umodzi muuyang'anitsitse. Kuyera kwake si kumodzi. Pamene kuwala kwagunda paphewa pali mbee, koma nsalu ikangopindika utoto umayamba kuloza kuchikasu, kenako kuphulusa, mpaka m'kati mwa khwinya mukhale mdima wofiirira. Mayi amene amayanika ufa pamphasa amadziwa kuti woyera ndi mgaiwa zimasiyana ngakhale zonse tizitcha ufa. Diso lotero ndi limene mmisiriyu anali nalo. Makwinya ake ndi ochepa, aakuluakulu, otsika molunjika, moti umamva kulemera kwa nsaluyo ndi kukhakhala kwake pakhungu. Thupi la mmonke silioneka, koma umadziwa pamene pali bondo ndi pamene pali chigongono. Kumbuyo sanadzazeko zinthu zambiri, kuti diso lisabalalike.

Chithunzi chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha John Houghton, mkulu wa amonke a chipanichi ku London, amene anaphedwa mu 1535 chifukwa chokana kuvomereza Mfumu Henry VIII ngati mutu wa mpingo. Imfa yake inali yankhanza zedi. Zurbarán sanaonetse wakupha kapena khamu la anthu. Anangoika chingwe m'khosi ndi mtima m'dzanja, nasiya mkanjo uli woyera. Kudziletsa kotereku n'kovuta kuposa kuthira utoto wofiira pathabwa lonse, ndipo n'chifukwa chake chingwecho chimaopsa.

Pali chinthu china chimene nyumba yoonetserayi singathe kubwezera. Amonkewa, pamodzi ndi angelo awiri onyamula zofukizira lubani, anawajambula pamatabwa oti aikidwe m'kanjira kopanikiza kuseri kwa guwa, kolowera kumalo osungirako Ukalistia. Munthu ankawadutsa pafupi kwambiri, mmodzimmodzi, m'kuwala kochepa. Pamenepo kuyera kuja kunali ndi ntchito: ndiko kunkayamba kuoneka mumdima. Lero ali pakhoma la chipinda chotakasuka, magetsi akuwalira onse mofanana, ndipo timawaona ngati gulu. Tapindula pakuti tikutha kuona mmene bulashi inayendera, koma mphamvu ina yachepa.

Boma la Spain litalanda katundu wa nyumba za amonke cha m'ma 1835, zithunzi za ku Cartuja zinamwazikana. Zinayi zikuluzikulu za paguwa, zofotokoza za kubadwa ndi ubwana wa Yesu, zili ku Grenoble m'dziko la France, china cha nkhondo chili ku Metropolitan Museum ku New York. Cádiz inatsala ndi chachikulu cha Bruno Woyera ndi zing'onozing'ono zapamatabwazi. Kwa ine, zotsalazi ndi zimene zikuonetsa bwino luso la Zurbarán, chifukwa m'menemo analibe ngamila, mafumu kapena zovala zonyezimira zoti zimuthandize.